Ulendo wa Banja pa Nthawi ya Chipwirikiti

Chaka chilichonse mwezi wa Disembala ukamayandikira, sukulu zikamatsekera ndipo ogwira ntchito m'Boma akamalemba makalata opempha tchuthi, m'nyumba zambiri za ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu mumabuka nkhani ya ulendo. Ena afuna kukaonetsa ana kwa bambo awo amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Durban. Ena ali ndi mbale ku Harare amene akhala akumulonjeza kwa zaka zambiri kuti adzafika. Ena ndi amayi ochita malonda amene amatengako mwana popita ku Dar es Salaam, ndipo owerengeka, amene thumba lawo lilola, amakwera ndege kukaona abale ku London kapena ku Manchester. Kale nkhawa ya ulendo wotere idali ya ndalama ndi pasipoti basi. Masiku ano pawonjezeka funso lina limene makolo amafunsana usiku ana atagona: kodi n'kwanzeru kutengera ana kumzinda waukulu wa kunja pamene dziko lapansi lili pa chipwirikiti chotere?

Funsoli siliyenera kusekedwa. Kuyambira mu Febuluwale 2022 pamene Russia idathira nkhondo dziko la Ukraine, kenaka nkhondo ya ku Sudan mu Epulo 2023 ndi ya ku Gaza mu Okutobala chaka chomwecho, wailesi ndi mafoni a m'manja zakhala zikuthira m'makutu mwa anthu nkhani za mizinga ndi maliro usana ndi usiku. Ndiponso kholo limene likuopa lili ndi zifukwa zomveka, pakuti zigawenga za makono zidasiya kale kulimbana ndi asilikali okha. Zimasakasaka malo amene mabanja amasonkhana. Loweruka pa 21 Seputembala 2013, amuna anayi a gulu la al-Shabaab adalowa ndi mfuti m'nyumba ya masitolo ya Westgate ku Nairobi dzuwa lili paliwombo, pa nthawi imene pamwamba pa nyumbayo pankachitika mpikisano wa ana wophika zakudya. Anthu 67 adaphedwa, ndipo gululo lidati likubwezera chifukwa Kenya idatumiza asilikali ake ku Somalia mu 2011. Zaka 15 m'mbuyo mwake, pa 7 Ogasiti 1998, mabomba adaphulika pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam. Mwa anthu 224 amene adafa, a ku America adali 12 okha. Ochuluka adali Akenya ndi Atanzania amene ankangodziyendera kapena kugwira ntchito zawo pafupi ndi malowo. Ku Ulaya nakonso n'chimodzimodzi: ku Nice, m'dziko la France, pa 14 Julayi 2016 munthu adayendetsa lole pakati pa mabanja amene adadza kudzaonerera chikondwerero cha dziko lawo n'kupha anthu 86, ndipo ku Manchester pa 22 Meyi 2017 bomba lidapha anthu 22 pakhomo pa bwalo la zoimbaimba, ambiri a iwo ana ndi achinyamata. Mayi amene wamva zonsezi n'kugwira mwana wake dzanja mwamphamvu sanalakwe.

Komabe kuvomereza kuti mantha ali ndi chifukwa sikutanthauza kuti mantha ndi phungu wabwino. Vuto lake n'lakuti amaloza kumene kuli phokoso, osati kumene kuli ngozi yeniyeni, ndipo umboni wa zimenezi udaoneka poyera ku America. Pa 11 Seputembala 2001 zigawenga zidalanda ndege zinayi n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Miyezi yotsatira anthu ambiri a m'dzikomo adakana kukweranso ndege, kotero kuti maulendo ataliatali amene akadayenda mumlengalenga adawayenda pa galimoto. Katswiri wa za kaganizidwe ka anthu wa ku Germany, Gerd Gigerenzer, atawerengera ngozi za pamsewu za m'miyezi 12 yotsatirayo, adapeza kuti anthu oposa 1,500 adafa pamsewu kuwonjezera pa chiwerengero cha zaka zonse. M'ndege zinayi zija mudafa anthu osakwana 300. Ndiye kuti kuthawa ndege kudapha anthu ochuluka koposa kasanu poyerekeza ndi amene adafera m'ndegemo, koma maliro awo palibe adawaonetsa pa kanema, chifukwa ankagwa mmodzimmodzi, lero kuno mawa uko, m'misewu yopanda mbiri.

Phunziro limeneli likukhudza banja la Chimalawi mwachindunji kuposa mmene ambiri amaganizira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, kuti ngozizi zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa chinthu china chilichonse, ndiponso kuti poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiye ali patsogolo pa imfa zotere. Tsono ulendo wa pa basi wochokera ku Blantyre kupita ku Johannesburg ndi wa makilomita pafupifupi 1,700. Basi imatulukira pa chipata cha Mwanza kulowa Zobue, imawoloka Zambezi ku Tete, imalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa Harare ndi Masvingo kukafika pa Beitbridge, kenaka imakwera mapiri a ku Limpopo mumsewu wa N1 isanatsikire ku Pretoria. Ochokera ku Lilongwe amatulukira pa Dedza n'kukalowa msewu womwewo. Gawo lalikulu la ulendowu limayendedwa usiku, dalaivala atatopa, basi italemedwa ndi katundu wa malonda kudzanso ngolo kumbuyo.

M'mapiri omwewo, pafupi ndi tauni ya Louis Trichardt, pa 12 Okutobala 2025 basi yochokera ku Gqeberha, imene idanyamula anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi obwerera kwawo, idasiya msewu n'kugwera kuphompho. Anthu oposa 40 adafa, ana ali pomwepo. Akuluakulu oona za pamsewu a ku South Africa atafufuza adapeza kuti basiyo idanyamula anthu ochuluka kuposa mipando yake ndipo mabuleki ake sadali abwino. Chaka cha m'mbuyo mwake, pa 28 Marichi 2024, basi ya anthu a ku Botswana opita ku mapemphero a Pasaka ku Moria idagwa pa mlatho wa Mmamatlakala, m'chigawo chomwecho cha Limpopo. Anthu 45 adafa ndipo adapulumuka ndi mtsikana mmodzi yekha wa zaka 8. Ngozi ziwiri zimenezi pamodzi zidapha anthu ochuluka kuposa zigawenga za ku Westgate. Koma kodi ndi makolo angati amene, pokambirana za kuopsa kwa ulendo, amafunsa za mabuleki a basi, za kuchuluka kwa madalaivala osinthana, kapena ngati kampaniyo ili ndi inshuwalansi ya apaulendo? Ochuluka amafunsa mtengo wa tikiti, nasankha yotsika mtengo, kwinaku mtima uli pa nkhondo ya ku Gaza imene singawafikire pa Beitbridge.

Apa pafunika kusiyanitsa zinthu zimene wailesi imaziphatikiza m'mawu amodzi akuti chisokonezo. Nkhondo ya kutali, kwa munthu wapaulendo wochokera kuno, kawirikawiri imabweretsa kuchedwa ndi kukwera kwa mitengo, osati imfa. Pa 23 Juni 2025, pamene Iran idaponya mizinga pa malo a asilikali a America a Al Udeid ku Qatar, dzikolo lidatseka mlengalenga mwake kwa maola angapo, ndipo apaulendo zikwi zambiri opita ku Ulaya ndi ku Asia adasowa mtengo wogwira pa bwalo la ndege la Doha. Banja limene lidali ndi ndalama zapadera, mankhwala a mwana m'chikwama cha m'manja ndi chovala chosinthira lidavutika pang'ono; limene lidawerengera khobidi lililonse ndendende lidagona ndi njala pansi pa mipando. Kuukira kwa zigawenga, kumbali ina, sikupereka chizindikiro kwa munthu wamba. Tsoka silinunkha. Koma n'kosowa kwambiri poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu amene amalowa ndi kutuluka m'mizinda imeneyi tsiku ndi tsiku, ndipo kholo silingachite zambiri koposa kumvera machenjezo a apolisi ndi kudziwa khomo lotulukira pamalo pamene pali chikhamu cha anthu. Westgate yomweyo idatsegulidwanso mu Julayi 2015 ndipo anthu a ku Nairobi adabwereramo ndi ana awo.

Chimene chiyenera kudetsa nkhawa kwambiri banja la kuno ndi zipolowe za m'maiko oyandikana nawo, ndipo mwayi wake ndi wakuti zimenezi nthawi zambiri zimakhala ndi kalendala. Zimatsatira chisankho, chigamulo cha bwalo la milandu, maliro a mtsogoleri kapena kukwera kwa mitengo, zinthu zimene munthu womvera wailesi amazidziwa zisanafike. Mu Julayi 2021, mtsogoleri wakale wa South Africa, Jacob Zuma, atalowa m'ndende kukagwira ukaidi wa miyezi 15 chifukwa chonyoza bwalo la milandu, zigawo za KwaZulu-Natal ndi Gauteng zidayaka moto kwa sabata yathunthu. Malole adatenthedwa pa Mooi River, msewu waukulu wa N3 wolumikiza Durban ndi Johannesburg udatsekedwa, masitolo adathyoledwa, ndipo anthu oposa 350 adataya miyoyo. Ku Durban anthu ankaima pamzere tsiku lonse kufuna buledi ndi mkaka wa ana. Chigamulo cha mlandu wa Zuma chidaperekedwa kumapeto kwa Juni, ndipo omutsatira adasonkhana kumudzi kwake ku Nkandla masiku angapo moto usanabuke. Utsi udaoneka ndithu. Munthu amene adanyamuka ndi ana sabata imeneyo kupita ku Durban adali atachenjezedwa, kungoti sadamve.

Ku Mozambique nkhani idali yofanana, ndipo imeneyi idafika pakhomo penipeni pa Amalawi. Chisankho chidachitika pa 9 Okutobala 2024, zionetsero zidayamba m'masabata otsatira, ndipo aliyense ankadziwa kuti bwalo lalikulu loona za malamulo a dzikolo lidzapereka chigamulo chomaliza chakumapeto kwa Disembala. Lidachipereka pa 23 Disembala, masiku awiri Khirisimasi isanafike, pa nthawi imene mabasi amadzaza koposa, ndipo ziwawa zidakula nthawi yomweyo. Misewu idatsekedwa ndi matayala oyaka, anthu mazana adafa m'miyezi ya chisokonezocho, mafuta a galimoto adavuta kufika m'dziko muno, ndipo anthu zikwi zambiri a ku Mozambique adathawira ku Nsanje. Ku Tanzania, pa tsiku la chisankho la 29 Okutobala 2025, ku Dar es Salaam kudabuka zipolowe, Boma la kumeneko lidaletsa kuyenda usiku ndipo intaneti idadulidwa kwa masiku angapo. Kudulidwa kwa intaneti kumeneku makolo akulingalire bwino, pakuti banja la makono limasunga zonse m'foni: ndalama, tikiti, manambala a abale, ngakhale njira yopitira kumene akagone. Foni ikangokhala chete, munthu wamkulu amasanduka mwana wosochera.

Pali mtundu wina wa ziwawa umene sungayesedwe ndi muyeso wofanana ndi zina zonsezi, chifukwa umasaka mlendo mwadala. Mu Meyi 2008 kuukira anthu obwera kudayambira ku Alexandra, pafupi ndi Johannesburg, n'kufalikira m'madera ena. Anthu 62 adaphedwa. Mu Epulo 2015 kudabukanso ku Durban, ndipo Boma la Malawi lidachita kutumiza mabasi kukatenga nzika zake zimene zidathawira m'misasa. Pa zipolowe za chisankho mlendo amavulala mwangozi, chifukwa chopezeka pamalo olakwika. Pa ziwawa zodana ndi obwera, chilankhulo cha mwana wake polira ndicho chimamuulula. Pa nthawi yotere palibe chokambirana. Ulendo uimitsidwe, tikiti iwonongeke ngati kuli kofunika, ndipo mbale amene ali kumeneko asaumirize mkazi ndi ana kuti abwere poopa kuchita manyazi kwa anzake.

Achikulire a m'dziko muno sakusowa chidziwitso pa nkhani yoyenda pakati pa moto. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati ku Mozambique, msewu wa pakati pa Zobue ndi Nyamapanda udali umodzi mwa misewu yoopsa kwambiri m'chigawo chino cha Africa. Malole ndi magalimoto ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, kunyamuka pa ola loikika, osaima paliponse, osapatukana. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Amene adayenda m'masiku amenewo amakumbukira mfundo imodzi: wopita adali munthu amene ulendo wake udali wosalephereka, ndipo ana ankasiyidwa kumudzi kapena kudzera njira yaitali ya ku Zambia. Anthu aja sadasiye kuyenda, koma ankayenda ndi mwambo, atafunsa kaye amene abwerako dzulo. Lero msewu uli pa mtendere zaka zambiri, ndipo mwambo uja waiwalika limodzi ndi nkhondoyo.

M'malo mwa kufunsa amene abwerako dzulo, ambiri tsopano amafunsa foni, ndipo foni siisankha. Kanema wa zipolowe za mu 2015 amatumizidwanso patapita zaka ngati wa m'mawa uno. Chithunzi cha moto wa m'dziko lina chimalembedwa dzina la Johannesburg. Mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika amazungulira pa WhatsApp kuchenjeza kuti alendo onse aphedwa Lachisanu. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mphekesera zotere zili ndi kuipa kuwiri: zimaimitsa maulendo abwino popanda chifukwa, ndipo zikachuluka zimagonthetsa makutu, kotero kuti tsiku limene chenjezo loona lafika anthu amaliyesa bodza lina. Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, ndiponso onse amene anthu amawayang'ana ngati odziwa zinthu, ali ndi udindo waukulu pamenepa. Uthenga umene wachokera kwa wapampando kapena kwa bwana wa ku ofesi umalemera kuposa wa munthu wamba, ndipo wotumiza asanadziwe gwero lake wabwereketsa ulemu wa udindo wake kwa wabodza. Nkhani ina yoyenera kuitchula mwachidule ndi iyi: kuopa zigawenga kusasanduke kukayikira munthu chifukwa cha chipembedzo kapena chovala chake. Pa basi ya ku Johannesburg Mkhristu wa ku Ntcheu ndi Msilamu wa ku Mangochi amakhala mpando umodzi, amagawana nsomba ndi mbatata, ndipo basi ikagwa amagwa limodzi.

Koma sikokwanira kudzudzula mphekesera ngati palibe mawu oona olowa m'malo mwake, ndipo apa nkhani ikugwera ogwira ntchito m'Boma. Maiko ena, monga Britain, amasindikiza malangizo a paulendo a dziko lililonse ndipo amawakonzanso zinthu zikasintha. Mmalawi wodziwa Chingerezi angathe kuwawerenga, koma akumbukire kuti adalembedwera munthu amene adzatsikira pa bwalo la ndege n'kukagona ku hotela ya ku Sandton, osati munthu amene adzatsikira pa Park Station usiku ndi ana atatu n'kukagona kwa mlamu wake ku Alexandra kapena ku Diepsloot. Zoopsa za anthu awiriwa n'zosiyana. Dziko lino lili ndi akazembe ndi oimirira ake ku Pretoria, ku Johannesburg, ku Harare, ku Maputo, ku Tete, ku Dar es Salaam ndi ku London, ndipo iwowa amaona ndi maso zimene ena amangomva. Zimene akuona ziyenera kufika kwa anthu mwamsanga, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, pa wailesi ndi pa zikwangwani za pa zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe, m'mawu achidule: msewu wakuti ndi wotseka, mzinda wakuti aupewe kufikira tsiku lakuti, nambala ya lamya ya ofesi ya kazembe ndi iyi. Wogwira ntchito pa chipata amene akudinda pasipoti ya mayi wobereka mwana kumbuyo, iye akudziwa kuti kutsogolo kwavuta, asangodinda n'kukhala chete.

Akuluakulu ena amazengereza kuchenjeza poopa kukhumudwitsa Boma la dziko loyandikana nalo, kapena poopa kusekedwa ngati palibe chachitika. Nkhawa imeneyi siyachabe. Mu Okutobala 2022 ofesi ya kazembe wa America ku South Africa idachenjeza kuti zigawenga zingaukire malo osonkhanako anthu ku Sandton kumapeto kwa sabata. Mtsogoleri wa dzikolo, Cyril Ramaphosa, adadandaula poyera kuti chenjezolo lidaperekedwa asadakambirane mokwanira ndi Boma lake, ndipo sabatayo idatha popanda choopsa chilichonse. Kudandaula kwake kudali ndi mfundo: maboma oyandikana ayenera kuuzana kaye. Koma banja limene lidakhala kunyumba Loweruka limenelo lidataya tsiku limodzi lokha la kusangalala. Chenjezo loperekedwa mwaulemu, lotchula malo ndi masiku, ndiponso lochotsedwa poyera zinthu zikakhala bwino, silinyoza dziko la eni ake. Chimene chimawononga ndi chenjezo lopanda malire, lonena kuti kunja konse kwaipa, chifukwa munthu amene ali ndi mwamuna kapena mwana kumeneko adzapitabe, ndipo adzapita wopanda malangizo.

Ndipo n'zoona kuti adzapitabe, pakuti maulendo ambiri a mabanja a kuno si a kungoona malo. Kuyambira m'masiku a Wenela ndi Mthandizi, pamene amuna ankapita ku migodi ya ku Joni ndi kuminda ya ku Rhodesia, mabanja a Amalawi akhala ogawika pakati pa maiko, ndipo mawu akuti mtchona adabadwa chifukwa cha bambo amene adapita osabwerera. Mwana amene sanaone bambo wake zaka zinayi, gogo amene sanagwirepo mdzukulu wobadwira ku Cape Town, wodwala amene madokotala amutumiza kunja, onsewa sangadikire kufikira tsiku limene dziko lapansi lidzakhale pa bata, chifukwa tsiku limenelo silidalembedwe pa kalendala iliyonse. Kholo limene limakana ulendo uliwonse chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine nalonso likulipira mtengo, kungoti mtengo wake suoneka msanga: ubale umazirala, ndipo mwana amakula akukhulupirira kuti kunja kwa mpanda wa kwawo kuli zilombo zokhazokha.

Nkhanga zidapangana kusadapse. Banja limene latsimikiza kuti mzinda umene likupitako uli pa mtendere, ndi kuti m'maiko odutsamo mulibe chisankho kapena chigamulo chachikulu m'masiku a ulendowo, likhale pansi kupangana za tsiku loipa. Mwana aliyense wodziwa kulankhula aloweze dzina lenileni la bambo ndi la mayi ake, pakuti mwana wosochera pa siteshoni ya ku Johannesburg amene akungoti akufuna amayi sangathandizidwe msanga. M'thumba mwake mukhale kapepala kolembedwa dzina, nambala ya lamya ndi keyala ya kumene akugona. Manambala ofunika alembedwe pa pepala ndi cholembera, ndipo ndalama zina zikhale zogwirika, zogawidwa pakati pa bambo ndi mayi. Mapasipoti ndi makalata a kubadwa a ana ajambulidwe, mapepala ojambulawo ena atsale kwa mbale kumudzi. Pofika pamalo a chikhamu, makolo asonyeze ana pamene adzakumane akasiyana. Zionetsero, ngakhale zooneka zamtendere, si za mlendo; woona gulu likubwera ndi nyimbo atembenuke, asatulutse foni kuti ajambule. Masiku olembedwa m'pasipoti nawonso asadyedwe onse: Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku osapitirira 30 popanda viza, ndipo wopitiriza masikuwo amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa nthawi, kotero banja limene lakonza zobwerera pa tsiku lomaliza lenileni lidzapezeka pa mlandu msewu ukangotsekedwa masiku awiri. Ndiponso umbanda wa masiku onse usaiwalidwe chifukwa choganizira zigawenga. Apolisi a ku South Africa adawerenga anthu ophedwa oposa 27,000 m'chaka cha 2022 mpaka 2023, dziko lisali pa nkhondo. Kufika masana ndi kuchingamiridwa ndi mbale pa siteshoni n'kofunika kuposa kutsatira nkhani za ku Iran.

Pokambirana zonsezi mawu a mayi amveke mofanana ndi a bambo, chifukwa kawirikawiri ndi mayi amene amayenda ndi anawo, ndipo ndiye amene adzabereke wamng'ono ndi kukoka wamkulu zinthu zikavuta. Akuluakulu a m'maofesi nawonso angathandize pa njira yosavuta: wogwira ntchito amene wapempha kusintha masiku a tchuthi chifukwa kumene amapita kwabuka ziwawa aloledwe popanda kumuvutitsa, kuti asakakamizike kunyamuka pa sabata yoipa poopa kutaya tchuthi chake.

Chotsalira ndi cha pa siteshoni, m'mawa wa ulendo. Basi isananyamuke pa Wenela kapena pa depoti ya ku Lilongwe, bambo kapena mayi azungulire galimotoyo ayang'ane matayala, afunse ngati madalaivala ali awiri, aone ngati mwana aliyense ali ndi mpando wakewake ndi lamba womangira. Akapeza anthu atakhala pa katundu m'kanjira ka pakati, ngolo ya kumbuyo itadzaza mpaka kupendekeka, kapena dalaivala akununkha mowa, atsitse ana ake ndi zikwama zawo ngakhale matikiti adalipiridwa kale, akadziwitse apolisi a pamsewu nambala ya basiyo, nadikire ya mawa.